Andipempha ndilowe mu bodi ya bungwe la kafukufuku wa ubongo koma anzangawo onse ndi ma pulofesa ndi ma loya, ndivomere?

Admin chonde ndibiseni dzina. Moni nonse akuluakulu a pa gulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi, ndikufuna maganizo makamaka kwa inu amene munakhalapo mu bodi ya bungwe kapena mumagwira za chipatala.

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndagwira choko zaka 19. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 4 anadwala malungo aja okwera kumutu, anagona chikomokere masiku atatu ife tili pambali pa bedi tikungopemphera, mwa chisomo anatsitsimuka tinabwerera kunyumba tikuti zatha, koma patapita miyezi ngati 8 anayamba kugwa, poyamba usiku kenako mpaka ku sukulu, kuchipatala anatiuza kuti ndi khunyu ndipo gwero lake ndi malungo omwe aja. Pano ali ndi zaka 13 akumwa carbamazepine tsiku ndi tsiku, kugwa kunachepa kwambiri koma m'kalasi zinthu sizikhalitsa m'mutu mwake ndipo ine ndimachiona bwino chimenechi poti ntchito yanga ndi yomweyo.

Ndiye mwezi wathawu adokotala amene amamuona ku kiliniki anandiitanira pambali nkundiuza kuti iwo ndi anzawo akuyambitsa bungwe loti lizipanga kafukufuku wa matenda a ubongo mwa ana, makamaka zomwe zimamutsalira mwana akapulumuka malungo oterewa, ndipo akufuna ndikhale mmodzi wa anthu a mu bodi ngati kholo. Ndinasangalala osanama ayi. Koma dzana ananditumizira pa WhatsApp pepala lomwe lili ndi mbiri za anthu ena amene avomera kale, wina pulofesa wa za ubongo anaphunzira kunja zaka zambirimbiri, wina dokotala wa ana, wina loya, wina anapuma ntchito ku banki, wina m'busa wamkulu, aliyense mbiri yake tsamba lathunthu, ndiye akuti inenso nditumize yanga. Ndinakhala pansi kulemba inakwana mizere itatu basi, MSCE, satifiketi ya uphunzitsi, komiti ya sukulu.

Bambo akunyumba akuti ndisavomere, akuti anthuwa akungofuna dzina la kholo kuti aonetse kwa ma dona ndipo ndalama zikadzasokonekera amene adzamangidwe ndi ine wosadziwa kanthu. Inenso mantha amenewo ndili nawo koma mtima wina ukundiuza kuti ndikakana ndiye ana ngati wangayu adzawayankhulira ndani. Kodi abale mabungwe a kafukufuku wa ubongo mu bodi mumakhala anthu otani kwenikweni, mumakhalanso anthu wamba ngati ine kapena ndi za asayansi okhaokha? Nanga ndisanasayine chilichonse ndifunse chani? Yankho akulifuna Lachisanu.

Mayi wina wa ku Area 25: Asisi vomerani. Pulofesayo anawerenga za khunyu koma sanadzukepo 2 koloko usiku kumugwira mwana akuphupha, inu mwadzuka zaka 9.

Namwino wa ku America: Mayi pepani ndilemba zambiri chifukwa nkhani imeneyi yandikhudza, ndimagwira ku wodi ya odwala matenda a ubongo kuno. Choyamba mabungwe ambiri otere amakhala ndi magulu awiri ndipo anthu amawasokoneza. Pali bodi yoyendetsa bungwe, imene imayang'ana ndalama, kulemba ntchito wamkulu wa bungwe, kuvomereza bajeti ndi kuona ngati bungwe likutsatabe chomwe analiyambitsira. Ndiye pali komiti ina ya asayansi okhaokha yomwe imaunika ngati kafukufuku wakutiwakuti ndi wanzeru kapena ayi. Inu akukuitanirani koyambako, sakakupatsani zithunzi za MRI kuti mumasulire ayi.

Ndikupatseni zitsanzo zenizeni. Ku Chicago kuli bungwe lotchedwa CURE Epilepsy, limapereka ndalama za kafukufuku wa khunyu ndipo kuno ndi lodziwika kwambiri, linayamba mu 1998 ndipo amene analiyambitsa ndi mayi wina Susan Axelrod pamodzi ndi makolo anzake, chifukwa mwana wake wamkazi ankagwa kuyambira ali khanda mankhwala akukanika, mayiyo sanali dokotala, anangotopa ndi kuona kuti kafukufuku sakuyenda. Ku Seattle kuli Allen Institute, amene aja anapanga mapu oonetsa ma gene, tinthu ta chibadwa ta m'thupi, omwe amagwira ntchito mbali iliyonse ya ubongo wa mbewa nkuwamaliza mu 2006 ndipo asayansi dziko lonse amawagwiritsa ntchito ulele pa intaneti. Analiyambitsa mu 2003 ndi Paul Allen, mnzake wa Bill Gates uja anayamba naye Microsoft, anaikapo madola 100 miliyoni poyambira, munthu wa makompyuta amene ngakhale yunivesite sanamalize, ndipo mlongo wake Jody Allen ndi amene wakhala akutsogolera bodi, nayenso si wasayansi. Palinso Michael J. Fox wa zisudzo uja, anamupeza ndi matenda onjenjemera a Parkinson ali ndi zaka 29, mu 2000 anayambitsa bungwe lake lomwe pano ndi limodzi mwa opereka ndalama zambiri pa kafukufuku wa matendawa.

Ndisakunamizeni, anthu amenewa anali ndi ndalama kapena kutchuka ndiye mawu awo amamveka msanga, inu mulibe zimenezo, koma chomwe ndikufuna muone nchakuti mu bodi safuna anthu asanu ndi awiri odziwa chinthu chimodzimodzi. Loya alipo chifukwa cha malamulo, wa ku banki chifukwa cha ndalama, inu chifukwa mukudziwa kuti kholo la kumudzi likapatsidwa fomu ya masamba 6 limasayina lisanamve.

Bambo wina: Ine ndikugwirizana ndi amuna anu. Ndaonapo mabungwe ambiri muno amaika mfumu kapena mayi mmodzi mu bodi kuti chithunzi chikongole, miting'i yonse chingerezi chokhachokha cha m'mabuku, zogamula anagamula kale pa foni, iweyo ntchito yako kudya mpunga nkusayina kuti unabwera. Za ku Americazo ndi za ku America. Ngati mukufuna kuthandiza yambitsani kagulu ka makolo ku sukulu kwanu komweko.

Mayi wina wa ku Area 25: Bambo ndiye tizingokana chifukwa ena anakhala chete? Mphunzitsi wa zaka 19 amene amalamulira ana 100 m'kalasi sangalephere kukweza mkono mu miting'i ya anthu 7.

Akauntanti wa ku Mzuzu: Amayi mantha a bambowo musawataye, ali ndi mfundo, walira mvula walira matope. Kukhala mu bodi si ulemu chabe, ndi udindo pamaso pa lamulo, ngati bungwe likulembetsedwa ngati trust ndiye kuti inu mukhala trustee dzina lanu lilowa m'mapepala a boma. Musanavomere apempheni malamulo oyendetsera bungwelo, constitution imene, muwerenge nokha modekha ndipo pomwe simukumva mufunse. Muone kuti likulembetsedwa pati, ngati ndi NGO pali NGORA ija kale tinkati NGO Board komanso CONGOMA. Mufunse kuti ku banki osayinira ndi ndani ndipo ndi angati, asakhale munthu mmodzi kapena anthu a banja limodzi, ndipo inuyo chaka choyamba musalole kukhala wosayinira macheke, palibe lamulo lokukakamizani. Mufunsenso kuti ma odita akunja adzabwera chaka chilichonse kapena ayi, mukhala mu bodi zaka zingati, ndipo mukafuna kutuluka mumatuluka bwanji.

Chinanso chimene anthu sachiona, pa mbiri zomwe anakutumiziranizo musangoyang'ana ma digiri, yang'anani ubale. Kodi loyayo si mlamu wa adokotala? Wa ku bankiyo alibe kampani yomwe idzagulitse zinthu ku bungwelo? Adokotala amene akuyambitsawo akhala wapampando wa bodi komanso wamkulu wolandira salale? Chimenecho ndiye chimagwetsa mabungwe, munthu kudziyang'anira yekha. Pa miting'i iliyonse muzionetsetsa kuti zomwe mwanena zalembedwa mu ma minitsi, makamaka mukatsutsa chinthu, pepala limenelo ndi limene limakuombolani tsiku la mavuto.

Mnyamata wina: Alawansi ilipo koma?

Akauntanti wa ku Mzuzu: Ma bodi ambiri a mabungwe osapanga phindu ndi ongodzipereka, amabweza ya transipoti ndi malo ogona, ena kaalawansi ka tsiku la miting'i. Afunse zimenezo poyera asachite manyazi, mphunzitsi sangamatulutse ya minibasi m'thumba mwake.

Kilinishani wa ku Blantyre: Mayi ndayamba ndakupepesani pa za mwanayo ndipo pitirizani mankhwala osadumphitsa, a WHO amati mwa anthu 10 a khunyu mpaka 7 atha kusiyiratu kugwa ngati apezeka bwino nkulandira mankhwala oyenera. Nkhani imene akufuna kufufuzayo si yachilendo kuno kwathu, ndipo mwina simudziwa kuti zambiri zomwe dziko limadziwa za malungo a mu ubongo zinachokera pa Queens pompa. Madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kugwira ntchito ndi ana okomoka ndi malungo m'zaka za m'ma 1980, sikelo yomwe timayezera kuti mwana wakomoka kwambiri bwanji, ya 0 mpaka 5, imatchedwa Blantyre Coma Scale ndipo amaigwiritsa ntchito maiko ambiri. Makina a MRI atafika mu 2008 anayamba kujambula ubongo wa anawa ndipo mu 2015 anatulutsa zotsatira zoti ambiri mwa ana omwe amamwalira ubongo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali yomwe imayendetsa kupuma. Anatsatiranso ana opulumuka nkupeza kuti ena amadzayamba khunyu, ena kuvuta khalidwe, ena kuchedwa kuphunzira, ndendende zomwe mukunenazo.

Koma apa ndi pomwe ine ndikuona kuti mukufunika. Ife timamuona mwana mphindi 10 ku kiliniki timafunsa wagwa kangati mwezi uno tikalemba mu buku basi wapita. Zoti akubwereza Standade 5 kachiwiri, zoti anzake amamuthawa poganiza kuti khunyu amapatsirana, zoti aphunzitsi ena amamukhazika kumbuyo, zoti mankhwala akasowa ku health centre kholo limagula theka kapena kusiya kumene, zimenezo sizifika pa tebulo la bodi pokhapokha wina azibweretse, ndipo inu muli mbali ziwiri, kholo komanso mphunzitsi. Zimenezo mukazilembe mu mbiri yanuyo, zaka 9 zosamalira mwana wa khunyu, zaka 19 m'kalasi, komiti ya sukulu imene mwatchulayo ndi bodi kale imeneyo, munaonapo ndalama za sukulu zikuyenda.

Chenjezo langa ndi limodzi ndipo mulitenge mwamphamvu. Adokotala amene akukupemphaniwo ndi omwe amaona mwana wanu, ndiye mugwirizane poyera kuti kuvomera kapena kukana kwanu sikukhudza chithandizo chake, ndipo tsiku lomwe mudzawatsutse mu miting'i lisadzasinthe kanthu ku kiliniki. Mwanayo asalowetsedwe mu kafukufuku wawo chifukwa choti mayi ake ali mu bodi, chithunzi chake kapena dzina lake lisaikidwe pa ma poster opemphera ndalama inu ndi iyeyo musanalole, ali ndi zaka 13 maganizo ake afunsidwe. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu muno ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku KUHeS, inu muli ndi ufulu wofunsa kuti kalata yachilolezo ili kuti asanayambe kutenga magazi a mwana wa munthu.

Agogo ena: Mwana wanga pita, tikupempherera. Wanga anamwalira ndi malungo omwewo kalekale tisanadziwe nkomwe kuti ndi chani.

Mwini funso: Agogo pepani kwambiri, mwandiliritsa. Zikomo nonse, ngakhale bambo amene mwati ndikaneyo ndakumvani ndipo mawu anu ndi omwe andipangitsa kuimba foni m'malo mongoyankha kuti eya. Ndawaimbira adokotala madzulo ano ndawafunsa za malamulo a bungwe akuti anditumizira mawa, osayinira ku banki akuti akhala atatu ine mulibemo, wapampando akhala wopuma ku banki uja osati iwowo. Ndawauzanso kuti sindikufuna kukhala kholo ndekhandekha pakati pawo, awonjezere wina makamaka wochokera kumudzi kwenikweni, ndiponso mapepala a miting'i azindipatsa sabata isanafike miting'iyo kuti ndiziwerenga, pa za kholo lachiwirilo akuti akakambirana ndi anzawo sanalonjeze. Za mwana ndanena momveka kuti iyeyo asakhudzidwe ndipo avomera. Bambo akunyumba ndawawerengera zomwe mwalemba a ku Mzuzu akuti tione kaye pepalalo ndiye tiyankhe limodzi.

A ku Mzuzu likabwera mawa ndingakutumizireni ku inbox kudzera kwa admin kuti mundionereko gawo la ndalama ndi la kutuluka mu bodi? Ndipo a ku Blantyre mbiri ija ndayambanso kulemba, kodi za kubwereza kalasi kwa mwanayu ndiziike momwemo kapena ndingonena za ana a khunyu onse amene ndawaphunzitsapo osamutchula iyeyo?

Kilinishani wa ku Blantyre: Osamutchula mayi, pepala limenelo lidzayenda m'manja ambiri. Lembani za ana amene mwawaona m'kalasi, zake mudzanene pakamwa mukadzafuna nokha.

Akauntanti wa ku Mzuzu: Tumizani, ndiliona usiku ndikaweruka.