Ndimasulire bwanji Hindutva kuti omvera asamve ngati tikunyoza Ahindu?

Wa nkhani zakunja: Akuluakulu, ndithandizeni Lachinayi lisanafike. Ndili ndi pulogalamu ya mphindi 25, ndipo sabata ino tikufotokoza momwe chipani cha BJP chinakulira ku India mpaka Narendra Modi kukhala nduna yaikulu katatu motsatizana. Sikiripiti ndalemba koma mkonzi waibweza. Pomwe ndinalemba kuti "BJP, chipani cha Ahindu" wazunguliza ndi bolopeni yofiira, pambali n'kufunsa kuti kodi a Congress, chipani china chachikulu cha ku India, si Ahindu? Ndayesa "kukonda dziko kwa Ahindu", koma nditawerenga mokweza zikumveka ngati chinthu chokoma chomwe aliyense ayenera kuchita. Chachiwiri, mphindi 10 zomaliza timatsegula mafoni pompopompo, ndipo mtima sukukhazikika.

Mkonzi wopuma: Achemwali, mkonzi wanuyo wakupulumutsani. Pa kalembera wa 2011, anthu pafupifupi 80 pa 100 aliwonse ku India anali Ahindu, Asilamu 14, Akhristu oposa pang'ono 2. Koma BJP, ngakhale mu 2019 pomwe inapambana kwambiri, inapeza mavoti 37 pa 100. Ndiye kuti Ahindu mamiliyoni ambirimbiri amavotera zipani zina. Mukati "chipani cha Ahindu" mwawapatsa a BJP chinthu chomwe akhala akuchifunafuna zaka zonsezi, chakuti iwo okha ndiwo amayankhulira Mhindu aliyense.

Womasulira nkhani: Ine ndikuti mawuwo musawamasulire. Asiyeni Hindutva momwemo, monga timasiyira apartheid, koma muwafotokoze kamodzi kumayambiriro ndi chiganizo chimodzi chomwe agogo akumudzi angachigwire. Chiganizocho muchitenge kwa mwiniwake. V. D. Savarkar, m'kabuku kake ka mu 1923 komwe analemba ali m'ndende ya Angerezi, anati Mhindu ndi munthu amene India ndi dziko la makolo ake komanso ndi dziko lake loyera. Zonse ziwiri pamodzi. Pa muyeso umenewo Asikh, Ajain ndi Abuda amalowa, chifukwa zipembedzo zawo zinabadwira komweko. Msilamu ndi Mkhristu amatsala panja ngakhale mchombo wa agogo ake unakwiriridwa m'dothi lomwelo, poti malo ake oyera ali ku Arabia kapena ku Palestine. Ndiye pa maikolofoni munganene kuti: "Hindutva ndi ganizo landale lakuti eni dziko la India ndi Ahindu, ndipo Asilamu ndi Akhristu ali ngati obwera." Onjezani kuti Savarkar mwiniwakeyo sanali munthu wopemphera, ankanena poyera kuti ng'ombe ndi chiweto chothandiza osati choti n'kuchilambira. Mfundo imeneyi imathandiza omvera kuona kuti chipembedzo ndi china, ndale izi ndi zina.

Wa nkhani zakunja: Chiganizo chimenecho ndachikonda. Ndachikopera kale.

Mtolankhani wa ku Limbe: Musafulumire, achemwali. Liwu lakuti "obwera" ndi lolondola, koma kuno lili ndi mano. Anthu a makolo ochokera ku India amene ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku mu Limbe muno, ena mabanja awo akhala kuno mibadwo itatu kapena inayi, amalimva liwu lomwelo likunenedwa kwa iwo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linawachotsa m'matawuni ang'onoang'ono ndi kumidzi kuti azichita malonda m'mizinda yokha, ndipo achikulire awo sanaiwale. Komanso ambiri mwa iwo ndi Asilamu, si Ahindu ayi, ngakhale Ahindu alipo ndipo kachisi wawo ali mu Blantyre momwemu. Womvera akangomva "India" amaona bwana wa sitolo yomwe amagwirako ntchito, ndiye mukatsegula mafoni nkhani ichoka kwa Modi n'kupita pa malipiro a m'masitolo. Zinandichitikira pa wailesi ina mu 2018, nthawi ya mkangano wa chiboliboli cha Gandhi ku Ginnery Corner. Foni yachitatu inali kale chipongwe kwa mtundu wonse, ndipo tinakadula mawu atatuluka kale.

Womasulira nkhani: Zoona zimenezo achimwene, sindinaganizire mbali imeneyo. Komabe liwulo ndingalisunge, chifukwa kuluma kwakeko ndi komwe kungapangitse womvera kumvetsa zomwe Msilamu wa m'chigawo cha Uttar Pradesh ku India amamva. Chofunika n'chakuti muulutsi anene momveka kuti awa ndi maganizo a gulu landale la ku India, osati a munthu amene ali naye pafupi kuno.

Mkonzi wopuma: Ndaona sikiripiti mwanditumizira kumbali ija. Pali malo awiri oti mukonze musanalowe mu situdiyo.

Poyamba mwalemba kuti "RSS inapha Gandhi", kunena bungwe la otsatira Hindutva lomwe ndi muzu wa BJP. Chotsani. Chomwe chili chotsimikizika n'chakuti pa 30 Januwale 1948 Gandhi anawomberedwa ndi Nathuram Godse, munthu amene anakulira mu RSS ndipo analinso m'chipani cha Hindu Mahasabha, akumuda kuti amakondera Asilamu pa nthawi yogawa dziko kukhala India ndi Pakistan mu 1947. Boma linaletsa RSS mwezi wotsatira, n'kuchotsa chiletsocho mu 1949. Savarkar anazengedwa mlandu koma khoti linamumasula poti umboni sunakwane. Nenani zimenezo momwe zilili, womvera aweruza yekha.

Kwinako ndi zomwe zinachitika m'chigawo cha Gujarat mu 2002. Anthu 59, ambiri mwa iwo Ahindu omwe ankabwerera kuchokera ku mzinda wawo woyera wa Ayodhya, anapsa m'sitima ku Godhra, ndipo m'zipolowe zomwe zinatsatira munafa anthu oposa 1,000, ochuluka Asilamu. Modi ndiye ankatsogolera boma la chigawocho. Ambiri anamudzudzula kuti sanaletse kuphanako, koma gulu lofufuza lomwe khoti lalikulu la dzikolo linasankha linati palibe umboni woti n'kumuzengera mlandu, ndipo khotilo linavomereza zimenezo mu 2022. Mbali zonse ziwirizi zituluke pakamwa panu. Imodzi yokha ikatuluka, mwasiya utolankhani.

Wa pulogalamu za achinyamata: Ine langa ndi la zaka. Ndawerenga zaka zosiyanasiyana 14 zotchulidwa m'sikiripitimo. Khutu silisunga zimenezo, munthu akuphika kapena ali m'minibasi. RSS kukhazikitsidwa ndi dokotala K. B. Hedgewar ku Nagpur mu 1925, Jana Sangh, kholo la BJP, mu 1951, BJP mu 1980, zonsezi zingakwane m'mpweya umodzi. Nthawi yanu muiwonongere pa Ayodhya, chifukwa ndi mlandu wa malo, ndipo palibe Mmalawi amene samva mlandu wa malo.

Muyambe chonchi. Pali kamalo kamodzi, pali mzikiti wa Babri womangidwa m'zaka za m'ma 1500, ndipo Ahindu ambiri amakhulupirira kuti pomwepo ndi pomwe anabadwira mulungu wawo Ram. Mu 1984 BJP inali ndi aphungu awiri okha m'Nyumba ya Malamulo ya mipando yoposa 540. Inaunyamula mlandu wa kamaloka, ndipo mu 1989 aphungu anafika 85. Chaka chotsatira mtsogoleri wa BJP L. K. Advani anakwera galimoto yokongoletsedwa ngati gareta la m'nthano zawo, kuchoka ku Somnath kulunjika ku Ayodhya, mpaka anamumanga ali m'njira ku Bihar. Pa 6 Disembala 1992 chikhamu cha anthu chinagumula mzikitiwo, ndipo anthu pafupifupi 2,000 anafa m'zipolowe m'dziko lonselo. Mu 2019 khoti lalikulu linati kugumulako kunali kuphwanya lamulo, komabe linapereka malowo kuti pamangidwe kachisi, Asilamu n'kupatsidwa maekala asanu kwina. Pa 22 Januwale 2024 Modi mwiniwake anatsogolera mwambo wotsegulira kachisiyo. Ndiyeno chomwe chingawadzidzimutse omvera: patangopita miyezi yochepa, pa chisankho, BJP inagonja m'dera la Faizabad momwe muli Ayodhya yemweyo, ndipo mipando yake inatsika kuchoka pa 303 kufika pa 240, osakwana 272 yofunika kuti ilamule yokha.

Wolemba ali ku Durban: Ndikugwirizana ndi zambiri, koma ndikuopa kuti pulogalamuyi ituluka ngati aliyense wovotera BJP amadana ndi Asilamu. Si choncho. Ena anatopa ndi nkhani za katangale mu ulamuliro wa Congress 2014 isanafike. Ena amavotera masilinda a gasi ophikira, zimbudzi, ndi makilogalamu 5 a chakudya chaulere pamwezi omwe amafika kwa anthu pafupifupi 800 miliyoni. Ndipo pali dandaulo lomwe otsatira Hindutva amabwerezabwereza, lakuti Congress inkanyengerera atsogoleri a Asilamu pofuna mavoti. Chitsanzo chawo ndi Shah Bano, mayi wachisilamu wosudzulidwa amene khoti linagamula mu 1985 kuti mwamuna wake azimupatsa chithandizo, boma la Congress la Rajiv Gandhi n'kupanga lamulo chaka chotsatira lofooketsa chigamulocho. Musawavomereze ngati simukufuna, koma dandaulo lawolo limveke m'mawu omwe iwo angawazindikire.

Kwa ine chinsinsi chenicheni si Ayodhya yokha. Ndi timagulu ta RSS totchedwa shakha, tomwe timakumana pabwalo tsiku ndi tsiku, kuchita masewera olimbitsa thupi, kuimba, kuphunzitsana, kwa zaka pafupifupi 100 tsopano. Modi anakulira mmenemo, anali wantchito wa RSS asanalowe m'chipani. Pomwe chipani chinali ndi aphungu awiri, timagulu timeneti sitinasiye kukumana.

Mkonzi wopuma: Mfundo ya Shah Bano ilowe, achemwali, ndi mphindi imodzi yokha. Koma ikalowa, lilowenso lamulo la unzika la Disembala 2019, lomwe limafupikitsa njira ya unzika kwa Ahindu, Asikh, Abuda, Ajain, Aparsi ndi Akhristu othawa ku Pakistan, Bangladesh ndi Afghanistan, Asilamu osawatchula. Pamenepo womvera aona yekha kuti muyeso wa 1923 uja wafika pati, ndi pomwe wasintha, poti Akhristu alimo.

Mtolankhani wa ku Limbe: Za mafoni, sabata ino musatsegule. Lengezani lero kuti omvera atumize mafunso pa WhatsApp, musankhe anayi kapena asanu, muwayankhe mu situdiyo. Ngati bwana akukakamira pompopompo, pakhale munthu wosefa mafoni asanafike kwa inu. Ndipo liwu lakuti "amwenye" ndingalipewe m'pulogalamu yonseyi. Ena salidandaula, ena limawapweteka, ndipo pa nkhani ngati iyi silikuthandizani chilichonse. Nenani "anthu a ku India".

Wa nkhani zakunja: Zikomo kwambiri nonse. Ndakonza chonchi: ndiyamba ndi mlandu wa malo wa Ayodhya, chiganizo cha Hindutva chibwera pa mphindi yachitatu, RSS ndi shakha pambuyo pake. Zaka ndasiya zisanu ndi chimodzi. Za Gandhi ndi Gujarat ndalemba momwe mwanenera bambo, Shah Bano ndi lamulo la unzika zili moyandikana. Mkonzi wavomera kuti mafoni tisatsegule, mafunso ayamba kale kubwera. Loyamba lachokera kwa mayi wina wa ku Mangochi, akufunsa ngati mzikiti watsopano pa maekala asanu aja unamangidwa. Ndikufufuza usiku uno ndisanamuyankhe.