Chilengezo cha phwando la agogo chalakwika tsiku

[06:41] Mayi aakulu: Mwadzuka bwanji nonse? Amene ali ndi nyuzipepala ya lero atsegule tsamba la zilengezo. Cha phwando la bambo chija chatuluka, koma alemba kuti Lachisanu. Ife tinapangana Loweruka.

[06:43] Mphatso: Iii, mwaona nokha amayi?

[06:45] Mayi aakulu: Aona ndi eni ake. Andiitana ndisanasukusule n'komwe, nyuzipepala ili pamiyendo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Mawu akuti Lachisanuwo awazunguliza kawiri ndi cholembera chofiira chija.

[06:46] Chisomo: Munthu akukwanitsa zaka 80 koma ntchito yawo yakale yosaka zolakwika m'nyuzipepala sanaisiyebe 😂

[06:50] Malume: Izi si zoseka iwe. Anzawo a bambo ambiri alibe WhatsApp, n'chifukwa chake tinalengeza m'nyuzipepala. Adzavala masuti awo Lachisanu n'kukapeza holo yokhoma. Thoko, si kuntchito kwanu kumeneku? Sunaone?

[06:58] Thoko: Mwadzuka bwanji malume. Ndikumvera pompano, ya lero sindinaitsegule.

[06:59] Malume: Ya lero yokha?

[07:00] Chisomo: Yankha mosamala msuweni, apa uli m'khoti

[07:06] Thoko: Ndinene zoona, yonse sindiiwerenga. Ndikafika ku ofesi ndimasaka dzina langa kaye, ndione ngati nkhani yanga yalowa, aiika tsamba liti, aidula pati. Ndikatero ndimasuzumira tsamba loyamba, kenako ndatola nyuzipepala za opikisana nafe. Zimenezo ndiye timaziwerenga ndi mtima wonse, chifukwa pamsonkhano wa m'mawa mkonzi amayambira pomwepo: awa aipeza bwanji, inu munali kuti? Masamba a zilengezo ndimatha mwezi osawaona.

[07:07] Malume: Ndiye ngati eni ake simuiwerenga, ife timaiguliranji?

[07:13] Thoko: Si kuinyoza ayi malume. Nkhani zambiri timakhala tazimva kale dzulo lake. Mnzanga akuimba foni pa desiki yoyandikana ndi yanga, ndamva. Pamsonkhano waifotokoza, ndamvanso. Madzulo ndaiona pa kompyuta. Ikamafika kwa inu m'mawa, ife mutu uli kale pa ya mawa. Komanso zilengezo sizidutsa m'manja mwa atolankhani. Zimenezo ndi za dipatimenti yotsatsa malonda, ali ndi khomo lawo, mabwana awonso ndi ena.

[07:15] Alamu: Pepani kulowerera. Ine ndinkayesa kuti pamakhala munthu amene amaiwerenga yonse isanapite kosindikiza.

[07:24] Thoko: Aliyense amaona kagawo kake alamu. Ngakhale mutu wa nkhani yanga sindilemba ndine. Ndikapereka nkhani, akonzi a usiku ndi amene amaipatsa mutu woti ukwane m'danga lomwe latsala patsamba, ndipo ikatalika amaidula kuyambira kumunsi. N'chifukwa chake tinaphunzitsidwa kuunjika zofunika m'ndime yoyamba. Amene ankaiwerenga chilembo ndi chilembo, mpaka manambala a foni a m'zilengezo, ndi anthu a ntchito ya agogo ija. Nyuzipepala zambiri zinawachepetsa anthu otere n'kumadalira kompyuta. Tsono kompyuta imagwira mawu olembedwa molakwika. Lachisanu lalembedwa bwinobwino, iikana bwanji?

[07:31] Mayi aakulu: Ndawawerengera bambo zomwe walembazi. Angogwedeza mutu. Akuti nthawi yawo ankakhala awiriawiri, wina akuwerenga mokweza pepala lomwe labwera, mpaka kutchula mpumiro ndi mpatuliro uliwonse, winayo akutsatira ndi chala pa tsamba lomwe latsala pang'ono kusindikizidwa. Akuti tsiku, dzina ndi nambala ankazibwereza kawiri, chifukwa maso a munthu mmodzi amawerenga zomwe akuyembekezera, osati zomwe zalembedwa.

[07:32] Chisomo: Agogo akanatsegula sukulu basi

[07:35] Mphatso: Tiyeni kuzochita abale, ena tikupita kuntchito. Fomu yomwe tinapereka ndinaijambula. Nayi.

[07:35] Mphatso: [chithunzi]

[07:36] Malume: Onani, Loweruka. Ndinalemba ndine, ndi zilembo zikuluzikulu. Amene amandikayikira mumtima apepese.

[07:37] Mayi aakulu: Palibe wakutchulani achimwene.

[07:43] Thoko: Apa zatiyendera, kulakwa ndi kwawo. Achemwali a Mphatso nditumizireninso risiti, ndikalowa nazo ndekha. Koma tisavomere kuti angolemba kachipepeso. Zokonza zolakwika amaziika m'kabokosi kakang'ono m'kati, ndipo amene anaona chilengezo chathu sakafikako. Tipemphe kuti achitulutsenso chonse, patsamba lomwelo, pamwamba pake alembe kuti tsiku lakonzedwa. Ndiyenera kufika msanga, masamba a zilengezo amatsekedwa masana, loyamba ndi lomwe limadikira usiku.

[07:45] Chisomo: Bola asachite ngati a New York Times a nkhani ya agogo ija 😂

[07:46] Alamu: Imeneyo sindinaimvepo.

[07:52] Mphatso: Mudakali mlendo, muimva patsikulo, mwina kawiri. Mu 1920 nyuzipepala imeneyo inamuseka Robert Goddard, katswiri wa maroketi, kuti sakudziwa zinthu zomwe ana asukulu amadziwa, ati roketi singayende kumalo kopanda mpweya. Anadzavomera kulakwa pa 17 July 1969, Apollo 11 itanyamuka dzulo lake kupita kumwezi, mwini wake Goddard atamwalira kalekale. Agogo akafika pamenepo amawerenga zala n'kunena kuti zaka 49.

[07:53] Malume: Ife tilibe zaka 49. Tili ndi masiku asanu ndi anayi.

[07:55] Alamu: Nanga pa intaneti sangasinthe lero lomwe?

[07:59] Thoko: Nkhani ya pa intaneti imakonzeka m'mphindi zochepa, koma pepala likakwera galimoto lapita. Amayi aakulu, chithunzi chija cha m'dirowa ya agogo chikadalipo? Cha Truman, pulezidenti wa ku America wa nthawi imeneyo, atanyamula nyuzipepala ya Chicago Daily Tribune akuseka? Mu 1948 anafulumira kusindikiza kuti Dewey, yemwe ankapikisana naye, wapambana chisankho mavoti asanathe kuwerengedwa, wopambana n'kukhala Truman yemweyo. Tsamba limenelo anthu akuliona mpaka lero.

[08:01] Mayi aakulu: Chilipo, chinachita chikasu koma safuna munthu achikhudze.

[08:04] Malume: Ndiye tisadalire nyuzipepala yokha. Achemwali, kabuku kakuda ka bambo kamene muli manambala a anzawo kaja, jambulani masamba onse munditumizire. Ndiwaimbira mmodzimmodzi madzulo ano.

[08:06] Mayi aakulu: Ndikutumizirani, koma muyambe mwafunsa bambo dzina lililonse. Ena a m'kabukumo anatisiya, musakadzutse chisoni m'makomo mwa anthu. Amene anamwalira anaika kamtanda kofiira pambali, koma si onse.

[08:07] Malume: Mwanena bwino. Ndibwera komweko tikhale limodzi.

[08:10] Alamu: Ine Lachisanu limenelo sindili pa ntchito. Ndikhoza kukakhala pakhomo la holo kuyambira m'mawa, wina akasochera ndimufotokozere. Kusiyana n'kuti munthu wachikulire akaime yekha padzuwa.

[08:11] Mphatso: Ndikonza kapepala koti mukamate pachitseko.

[08:11] Chisomo: Kapepalako kadutse kaye kwa agogo chonde

[08:19] Mayi aakulu: Thoko ulipo? Bambo afika tsamba 5 tsopano, pali dzina lako. Akufunsa kuti sukulu zomwe zatsekedwazo ndi zingati, poti mutu ukunena zitatu koma m'kati mwa nkhani akupeza ziwiri.

[08:20] Thoko: Jambulani ndione amayi aakulu

[08:22] Mayi aakulu: [chithunzi]

[08:23] Thoko: Mayo ine. Ndinalemba ziwiri. Yachitatuyo ndinangoitchula kumapeto kuti ikadali yotsegula, ndime imeneyo aidula.

[08:24] Malume: Ukanadziwa liti?

[08:25] Thoko: Mwina mphunzitsi wamkulu wa kumeneko akanandiimbira akukalipa, malume.

[08:26] Malume: Ukachoka kwa a malondako udutsirenso kwa mkonzi wako. Maulendo awiri.

[08:27] Thoko: Ndanyamuka kale. Risiti achemwali!

[08:28] Mphatso: Ndatumiza kumbali.

[08:34] Mayi aakulu: Mphatso, ukamabwera madzulo ubwere ndi cholembera chofiira. Ichi chayamba kudukiza inki, ndipo akuti zamasewera sanafikeko.