Mmene zayendera ndi khanda lija lobadwa masiku asanakwane

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'zoona kuti khanda lobadwa masiku asanakwane lingakule bwino pongolifungatira pachifuwa, popeza mng'ono wanga anachira mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Lero ndati ndikuuzeni mmene zayendera.

Anamwino anatiphunzitsa njira ya kangaroo, yomwe inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo m'Malawi muno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, kenako amaikidwa pakati pa mabere, khungu ndi khungu, mutu atautembenuzira kumbali kuti azipuma bwino, n'kumangidwa ndi chitenje. Agogo ake poyamba ankakana kuti mwana saberekera kutsogolo, koma ataona kuti timapazi tija, tomwe tinkazizira ndi mphepo ya m'mawa yochokera kuphiri, tayamba kufunda, anayamba kumulandira okha mayi ake akapita kukasamba. Bambo ake nawonso amamufungatira usiku.

Chandikhudza kwambiri n'chakuti akalira amatonthola msanga akangomubwezera pachifuwa pa mayi ake. Tsopano akuyamwa yekha, tasiya kumumwetsa mkaka wofinyira m'kapu, ndipo Lachiwiri kusikelo anatiuza kuti akukwera.