Pa bala yofulula yokha mowa, ndiyambe ndi uti?

Funso: Akuluakulu, wopita koyamba aitanitse mowa uti? Nanga chakudya?

Yankho 1: Pemphani timatambula tolawira, tinayi. Yambani ndi lager (mowa wopepuka), kenako pale ale (wowawirako pang'ono), IPA (India Pale Ale, wowawa kwambiri), stout (mowa wakuda) pomalizira. Mukayamba ndi IPA, kuwawa kwa hops (maluwa amene amathira pofulula kuti mowa uziwawa) kumatsalira palilime, lager simuimvanso kukoma. Samalaninso mphamvu: lager imakhala cha pa 5%, IPA 6 mpaka 7%.

Yankho 2: Nsomba yokazinga ndi tchipisi zimayenda ndi lager, imatsuka mafuta m'kamwa. Nyama yootcha, stout. Za tsabola wambiri musaphatikize ndi IPA, moto umachita kuwonjezeka.

Yankho 3: Nunkhizani kaye, achimwene. Fungo la batala limatanthauza kuti anauthira usanapse bwino, kapena mapaipi odutsamo mowa ndi akuda. Mapaipiwo amayenera kutsukidwa milungu iwiri iliyonse. Ubwezeni, akupatseni wina.