Ndingawatsogolere bwanji amene anandiphunzitsa ntchito?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Andikweza kumene kukhala woyang'anira nthambi yathu ya zogulitsa ku Limbe, ndipo mwa anthu amene ndikuwatsogolera muli bambo ena a msinkhu wa bambo anga, omwe anandiphunzitsa kulemba malisiti nditangoyamba ntchito.

Tsopano kampani yalamula kuti katundu yense wolowa ndi wotuluka azilembedwa mu kompyuta. Iwo akukakamirabe kaundula wawo wa chikuto chofiira, ndiye pofika madzulo manambala sakugwirizana. Ndikawafunsa amangoti, "Mwana wanga, bukuli silinandinamizepo." Kunena zoona ntchito amaidziwa kuposa tonsefe, ndipo makasitomala akale akabwera amafuna iwowo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti achinyamata ayamba kutengera, ena akunong'onezana kuti bwana amaopa madala.

Kalata yochenjeza sindikufuna kuithamangira, ndipo kuwadzudzula pagulu lathu la WhatsApp kungakhale kuwachotsera ulemu. Inu amene munakumanapo nazo, munatani? Ndiwaitanire pambali ndekha, kapena ndipemphe a HR akhalepo? Nanga nditawapatsa wachinyamata woti azikhala nawo pa kompyuta mpaka azolowere, sangazione ngati chipongwe?