Kodi tabuleti yokana mouse ingalowe m'malo mwa laputopu pa ntchito ya uphunzitsi?

Mphunzitsi_wa_ku_Bembeke

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo ndisanachite chinthu choti sindingathe kuchibweza.

Ndimaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Bembeke. Laputopu yanga batire lake linatha kalekale, imayaka pokhapokha ili pa chaja. Kunyumba kulibe magetsi, tili ndi kasola koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni basi. Ndikakhala ndi zolemba zambiri ndimadikira Loweruka n'kupita nayo kwa achemwali anga ku boma. Mwezi wathawu achimwene anga a ku Johannesburg anditumizira iPad yomwe ankagwiritsa ntchito iwowo, pamodzi ndi kiyibodi ya Bluetooth. Ndi yopepuka, imalowa m'chikwama cha makope, ndipo ndikaitchaja pa sola masana imandifikitsa mpaka mawa lake.

Tsono pali munthu akufuna kugula laputopuyo, ndipo ndalamayo ingandipepuze pa fizi ya mwana wanga wa ku sekondale. Chondiimitsa ndi chimodzi. Ndinabwereka mouse ya Bluetooth kwa mnzanga, koma iPad siikuiona n'komwe. Kiyibodi ikulumikizika bwinobwino, mouse ayi.

Ntchito zanga ndi masikimu, kutaipa mayeso a kumapeto kwa teremu, ndi malikesi a ana opitirira 80 mu Excel, kuwonkhetsa ndi kuika mapozishoni. Ndinenso mlembi wa banki mkhonde ya amayi a kutchalitchi kwathu. Usiku wathawu ndimayesa kulowetsa malikesi. Ndikati ndigunde kabokosi ka Chichewa, kosankhika ndi ka Chingerezi ka mwana wapansi pake. Ndikakuza sikirini ndi zala ziwiri, mayina a ana amathawira kumanzere, osaonekanso kuti 64 ameneyu ndikumupatsa ndani. Ndiye ndi kuzizira kwa kuno mu Juni, zala zimachita kuuma. Malikesi a mwana si chinthu choti ndilakwitse, makolo amawakhulupirira.

Kodi ndi kusazolowera chabe? Ndigulitse laputopu, kapena ndidzalira?

Wokonza_mafoni_ku_boma

Aphunzitsi, musagulitse kaye. Tembenuzani iPad yanuyo, kumbuyo cha m'munsi kuli timalemba ting'onoting'ono, pali nambala yoyamba ndi A. Mukapeza A1474, A1475 kapena A1476, dziwani kuti ndi iPad Air yoyambirira, ya 2013. Imeneyo pulogalamu yake yaikulu yoiyendetsa inathera pa iOS 12, siingakwerenso. Apple inayamba kulola mouse pa iPad mu 2019 ndi iPadOS 13, yomwe inabwera pambuyo pa iOS 12, poyamba ngati chothandizira anthu a ulumali, ndipo mu Malichi 2020 ndi iPadOS 13.4 m'pamene mouse ndi trackpad zinayamba kugwira mokwanira. Zimenezi zinayambira pa iPad Air 2 kupita m'tsogolo. Ndiye ngati yanuyo ndi yoyambirira, mouse ya mnzanuyo ilibe vuto, ndipo palibe wokonza aliyense amene angaikakamize. Wina akakuuzani kuti aikonza kuti izilandira mouse, akudyerani ndalama.

Koma chimene chingakupwetekeni kuposa mouse ndi fulashi. Mayeso anu mumakapulintitsa bwanji? Ndikudziwa mumaika pa fulashi n'kupita nayo kwa opulinta. iOS 12 siwerenga fulashi wamba, zimenezonso zinabwera ndi iPadOS 13. Ndiye fayilo iliyonse muziitumiza pa imelo, ndipo ngati ndi A1474 mulibe polowetsa SIM khadi, muzidalira hotspot ya foni yanu ndi bandulo. Onjezaninso kuti ma app ambiri atsopano amakana kulowa pa iOS 12. Excel amene anakuikirani achimwene anuyo musamufufute, mwina simudzamupezanso mosavuta. Muwafunsenso password ya Apple ID yawo mudakali nawo pa foni, chifukwa iPad yotsekeka pa akaunti ya munthu wina ndi chitsulo chabe.

Wazaumoyo_Tsangano

Ine ndiimira kumbali ya tabuleti, amayi, chifukwa ndi imene ndimagwirira ntchito m'midzi. Kuno kumapiri a Tsangano ndimayenda nayo khomo ndi khomo, kulemba za ana osapitirira zaka zisanu ndi amayi oyembekezera, ndili chiimire pabwalo. Mouse ndingaiike pati? Kumbukirani kalembera wa 2018, dziko lonse linawerengedwa pa matabuleti, anthu opitirira 17.5 miliyoni, popanda mouse ngakhale imodzi. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zimene zili mu pulogalamu ya BEFIT akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti ndi zala zawo zokha.

Ndipo nkhani ya magetsi musaichepetse. Chaja ya iPad ngati yanuyo imakoka mawati 10 kapena 12, pomwe ya laputopu zambiri imafuna 45 kapena 65. Chipangizo chimene mungayatse usiku uliwonse kunyumba kwanu chikuposa chimene mumachiona Loweruka lokha kwa achemwali. Gulani kapeni kokhala ndi mphira kunsonga, kamagwira pa sikirini iliyonse ndipo kamalasa kabokosi bwino kuposa chala chozizidwa. Apple Pencil musataye nayo ndalama, pa iPad yakaleyo siigwira. Za banki mkhonde, buku lija ndi limene amayi amalikhulupirira, tabuleti ingokhala yosungira chithunzi cha tsamba lililonse mukatha kugawana. Ine ndikanakhala inu ndikanagulitsa, fizi siidikira.

Kalaliki_wopuma_Lizulu

Mwananga wa ku Tsangano wanena zoona, koma zoona zake n'za ntchito yake. Mafomu amene amadzaza iyeyo anawakonza anthu akudziwa kuti adzagundidwa ndi chala: funso limodzi pa sikirini, mabatani akuluakulu, Inde kapena Ayi. Kalembera uja analinso chimodzimodzi. Excel sanamukonze choncho. Anamukonzera kamuvi kosongoka ka mouse, kamene kamatha kulowa pakati pa mizere iwiri. Kumugwira ndi chala kuli ngati kupalira nazale ya kabichi ndi khasu lalikulu, udzu uchoka koma mbande zina zipita nawo.

Komabe aphunzitsi, mbali ina ya vuto lanu ithetseni lero lomwe. Ine ndinayamba ntchito pa taipulaita, ndipo mpaka pano dzanja langa silikonda kuchoka pa kiyibodi. Gundani kabokosi koyamba kamodzi kokha, kenako chala chisabwererenso pa galasi. Mukalemba malikesi dinani Tab kuti mupite kumanja, Enter kuti mutsike, ndipo mivi inayi ija ikuyendetsani kulikonse. Posankha mawu gwirani Shift n'kumadina muvi. Pokopera, pa iPad si Ctrl ayi, ndi Command pamodzi ndi C kapena V, ndipo ngati kiyibodi yanu ili ndi batani la chizindikiro cha Windows, limenelo ndilo likugwira ntchito ya Command. Za mayina othawira kumanzere, pitani pa View mupeze Freeze Panes, mumange mzere wa mayina kuti uziima pomwepo. Mukatero kulowetsa malikesi kuyenda.

Pamene ndikukanira ndi pa ntchito yokonza. Kukoka fomula kuchokera pa mwana woyamba mpaka wa 80, kukulitsa mzere pang'ono kuti dzina lalitali likwane, kusuntha chithunzi cha katatu pa pepala la masamu kuti chikhale moyang'anana ndi funso lake, kukonza tebulo la sikimu lomwe lili ndi magawo asanu ndi awiri. Zonsezi zimatheka ndi chala, sindikunama, koma dzanja limakhala m'mwamba nthawi yonseyo, kuchoka pa kiyibodi kupita pa galasi n'kubwerera, ndipo chala chomwecho chimaphimba chinthu chimene mukufuna kuona. Pofika pakati pa usiku phewa limakhala litatopa ndipo zolakwa zimachuluka. Ndiye pali zina zoti sizitheka n'komwe. Mail merge, imene imatenga malikesi mu Excel n'kudzaza yokha masukulu lipoti a kalasi yonse, mu Word wa pa tabuleti mulibe. Mafayilo awiri a Excel, la teremu yatha ndi la teremu ino, simungawayale pambali ndi pambali pa iOS 12. Mdzukulu wanga amene ali ku koleji anabwera ndi tabuleti akusangalala, atafika pa kafukufuku wake anapeza kuti SPSS, pulogalamu younikira ziwerengero, siilowamo, mpaka anakabwereka laputopu.

Mphunzitsi_wa_ku_Bembeke

Zikomo nonse. Ndayang'ana kumbuyo, ndi A1474. Bambo a ku Lizulu, Freeze Panes ndaipeza ndipo mayina aima, Tab nayenso akugwira. Malikesi a Sayansi ndawalowetsa osagunda galasi, mtima wakhala pansi. Koma pepala la masamu landikanika. Pa laputopu ndimadina Alt ndi chizindikiro cha = n'kulemba fulakishoni yooneka bwino, nambala ina pamwamba ina pansi. Apa ndafufuza sindinapeze, ndipo ana anga ndikawalembera 3/4 mopingasa ena amasokonezeka, chifukwa pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadzaiona choncho.

Achimwene okonza mafoni, nanga nditasinthanitsa iPad imeneyi ndi tabuleti ya Android? Ndamva kuti zimenezo zimalola mouse.

Wokonza_mafoni_ku_boma

Zimalola ndithu, ndipo zinayamba kale, kuyambira Android 3.1 mu 2011. Mouse ya Bluetooth imalumikizika, ya waya imafuna kachingwe ka OTG, ndipo kachingwe komweko kamawerenga fulashi. Chenjerani kuti matabuleti ena otchipa kwambiri alibe OTG, muyese musanapereke ndalama, komanso mouse ikakhala pa OTG pobowo potchajira pamakhala patatsekeka. Samsung ili ndi DeX pa matabuleti ake okwera mtengo, kuyambira Tab S4 ya 2018, imene imaonetsa mawindo ngati pa kompyuta, koma mtengo wake mungagule nawo laputopu yabwino yogwiritsidwapo kale.

Musaiwale kuti ngakhale kamuvi kaoneke pa sikirini, Word ndi Excel ake akadali a pa foni. Mail merge ija simuipeza. Ndiponso Microsoft imalola kulemba mwaulere pa sikirini yosapitirira mainchesi 10.1, ikaposa pamenepo imafuna muzilipira Microsoft 365. Yanuyo ndi ya 9.7, ndiye pamenepo muli bwino kale. Mukasinthanitsa mupeza mouse ndi fulashi, koma mwina mutaya batire labwino ndi sikirini yabwino n'kulandira tabuleti yofooka.

Ine ndikuona kuti chodwala pa nkhani yonseyi ndi batire la laputopu, osati laputopuyo. Wogulayo akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake akuifuna. Aipeza motchipa chifukwa siyaka popanda chaja, aikamo batire latsopano, aigulitsa pamtengo wina. Ndipo chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene angakupatseni siidzakugulirani ina yofanana nayo. Ngati batire lake ndi lochotseka kunja, lichotseni, lijambuleni pamene pali nambala yake ndi mavoti ake. Ngati ndi lam'kati, jambulani kapepala ka pansi pa laputopu. Chithunzicho mupatse munthu amene akupita ku Lilongwe akafunse m'mashopu a makompyuta, kapena mutumizire achimwene anu ku Johannesburg, kumeneko mabatire otere savuta kupeza. Likapezeka muzitchaja kwa achemwali Loweruka, n'kusungira moto umenewo mapepala a masamu ndi masukulu lipoti okha. Malikesi, kuwerenga mabuku a PDF ndi zithunzi za buku la banki mkhonde zisiyireni iPad pa sola yanu. Kasola ka mababuko musakalumikize ku laputopu kudzera pa inveta, batire lake ndi laling'ono, mulipha msanga n'kugona mumdima.