Gulu la Banja: Shuga wa Amayi Wakwera

Tadala: Mwadzuka bwanji nonse? Amayi shuga wawo m'mawa uno 14. Sabata yatha anali pa 7, ndipo nsima sanaonjezere.

Limbani: 14?! Mankhwala a shuga aja a Metformin akumwa koma?

Tadala: Akumwa achimwene. Kungoti chiyambire September akungoyetsemula, maso kuyabwa, mungu wa kuno ku Johannesburg sukuwayanja. Aneba anawagawira mapilitsi, ndatumiza chithunzi cha bokosi.

Chikondi: Alamu, mwaona palembedwa betamethasone? Imeneyo ndi steroid, anaiphatikiza ndi mankhwala a ziwengo. Imachititsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri, insulin nayo siigwira bwino ntchito. Ayamba liti kumwa?

Tadala: Akuti papita masabata. Amabisa m'chikwama cha kutchalitchi.

Chikondi: Ndiye asasiye mwadzidzidzi, steroid ukaimwa nthawi yaitali amachita kukuchepetsera pang'onopang'ono. Apite kukiliniki ndi bokosilo.

Azakhali: Inu ana, ine ndimamwa Allergex ya ziwengo chaka chilichonse, shuga wanga ali phee. Apatseni imeneyo basi.

Chikondi: Zoona azakhali, Allergex sikweza shuga kwenikweni, koma imagonetsa. Amayi amamwanso mankhwala ena a shuga a gliclazide, amene nthawi zina amatsitsa shuga mpaka pansi pa 4. Akayamba kusinza masana pampando, Tadala adziwa bwanji ngati ndi tulo ta mankhwala kapena shuga watsika? Cetirizine kapena loratadine sagonetsa kwambiri, tikafunse adokotala za amenewo. Akhale a mapilitsi, amadzi ena amathiramo shuga.

Azakhali: Chabwino anamwino athu, tamva.

Amalume: Nanga a chimfine aja ndinagula ku Clicks ndingabweretse?

Chikondi: Ayi amalume. Ambiri mwa amenewo muli pseudoephedrine, amakweza BP ndi shuga yemwe.

Limbani: Ndiye tipangane. Ine mawa ndili pa ntchito ku Sandton mpaka usiku, abwana sangandilole.

Tadala: Ndiwaperekeza ndine, koma wina andigwirire ana. Timapepala toyezera shuga tatsalanso titatu.

Amalume: Ndatumiza R300 pa eWallet, ugule timapepalato, yotsala ya taxi.

Azakhali: Ana abwere kwa ine ku Yeoville. Ubwere nazo zovala zosinthira, wamng'onoyo ndimamudziwa.

Chikondi: Tadala, uwayezenso madzulo asanadye ndi pogona, ulembe manambala. Akayamba kusanza, ludzu losatha kapena kubalalika, usadikire mawa, pitani kuchipatala usiku womwewo.

Limbani: Aneba aja ndiwaimbire?

Tadala: Asiyeni achimwene, amafuna kuthandiza. Ndikawauza ndekha, nawonso ali ndi shuga.